Apongozi pa Chilumba, Madzi Ali M'njira

Chimwalirireni mkazi wanga Agnesi ndinali ndisanapondekonso kwawo, kumunsi kwa mtsinje wa Luangwa. Maliro atatha, akuchikazi anandisudzula mwaulemu monga mwa mwambo, nandiuza kuti ndamasuka, ndilibenso mangawa m'mudzi mwawo. Ndinabwerera kunyumba kwanga ku Kabwata mu Lusaka, moyo wanga n'kukhala wa kutchalitchi, kumsika ndi ku kadimba ka repu kuseri kwa nyumba. Maulendo sindiwakonda. Koma uwu ndinauyenda mouma khosi, ndipo utati ubwerenso mawa, ndikhoza kuuyendanso chimodzimodzi.

Linali Lachinayi m'mawa, mwezi wa Febuluwale. Mvula inali itachezera kugwa, ndipo ndinali kukankha madzi pakhonde ndi tsache pamene mwana wanga Alinase anatulukira pageti, maso ali psuu chifukwa chochezera kuntchito. Iye amagwira ntchito mu ofesi ina ku Woodlands, yoyang'anira madzi a m'mitsinje. Ntchito yake ndi kudziwiratu za kusefukira kwa madzi zisanachitike. M'mitsinje ikuluikulu anaikamo zida zoyezera kukwera kwa madzi, ndipo zidazo zimatumiza zokha uthenga ku ofesi usana ndi usiku. Mvula imene yagwa kumapiri amaionera pa setilaiti. Zonsezi amazilowetsa m'kompyuta imene anaiphunzitsa mayendedwe a mtsinje uliwonse, potsetsereka, popapatiza, ndi kuchuluka kwa madzi amene nthaka ingamwe isanakhute. Kompyutayo ndiyo imawerengera kuti madzi afika kuti, liti, ndipo akwera mpaka pati.

Sanakhale n'komwe pansi.

"Atate, ambuya akana kuchoka pa chilumba."

Ambuya akewo ndi apongozi anga, amake Agnesi. Chilala chitawotcha minda ya kumtunda chaka chathachi, iwo anakalima chimanga pa chilumba china pakati pa Luangwa, namanga msasa n'kumagona konko kuti azipirikitsa mvuu. Amene anali nawo ndi mwana wawo wamwamuna, mlamu wanga Kosimasi.

Alinase anandifotokozera kuti ku Chama ndi ku Lundazi mvula yagwa yoopsa masiku angapo, nthaka yakhuta, ndipo madzi onsewo atsikira mu Luangwa, ali m'njira. Chilumbacho chimira Loweruka.

"Aboma sanawauze?" ndinafunsa.

"Anapita ndi bwato dzulo. Mabanja ena onse achoka. Ambuya akuti tinawanamizapo kale."

Pamenepo ndinakumbuka. Chaka china m'mbuyomu chenjezo lotere linaperekedwa, anthu anathawa, madzi anakwera pang'ono n'kubwerera, ndipo mvuu zinamaliza minda yopanda mlonda.

"Nanga amalume ako unawaimbira?"

"Ndinaimba. Akuti nkhani ya moyo ndi imfa siyenda pa foni. Akutinso mwana wobadwira ku Lusaka sangawaphunzitse Luangwa. Ine sindingachoke pa ofesi, atate, mitsinje yonse yadzuka."

Ndinamufunsa ngati ali ndi chitsimikizo. Anandiyang'ana monga amake ankandiyang'anira.

"Chitsimikizo ndi cha Mulungu. Ife kompyuta timaiyendetsa kambirimbiri, mvula tikuisinthasintha, kuti tione zonse zimene zingachitike. Pafupifupi ulendo uliwonse chilumba chikumira. Chikusiyana ndi nthawi yokha."

Ndinatsamiritsa tsache kukhoma, n'kuimbira Kosimasi. Anayankha akuseka.

"Alamu! Kuno dzuwa likuswa mtengo. Mvula ya ku Kabwata isakuzunguzeni mutu. Ndiponso inu si tinakusudzulani? Za kuno zikukukhudzaninso bwanji?"

"Ndikubwera," ndinatero.

"Bwerani ndi ambulera, mudzafunde dzuwa."

Ndinavala jekete langa lopitira kutchalitchi, n'kuika malaya amodzi ndi mankhwala anga a magazi m'kachikwama. Ndinagwada pang'ono pambali pa bedi, kenaka n'kukiya chitseko.

Kuchoka ku Kabwata kukafika ku siteshoni yaikulu ya mabasi si patali, koma tsiku limenelo minibasi inatitsitsa tisanafike ku Kamwala, dalaivala akuti injini yake si nsomba. Msewu wonse unali dziwe. Anyamata a mawilibala anali kuwolotsa anthu molipiritsa, amayi onenepa atakhala mwa ufumu pamwamba pa katundu wawo. Ine ndinavula nsapato, n'kupinda buluku mpaka m'maondo, n'kudutsa ndekha. Munthu wopita kukalimbana ndi Luangwa sangakwere wilibala pa chithaphwi cha ku Kamwala.

Mabasi akuluakulu opita kummawa anali atanyamuka kale mbandakucha. Anyamata oitanira, aja timati ang'wang'wazi, anandizinga.

"Ba mudala, shani? Chipata? Petauke? Iyi apa iyenda manje manje, yasala chabe imwe!"

Basiyo inali yocheperapo, injini ikulira, mipando yambiri ili ndi anthu. Ndinati ndikatsikira pa mlatho wa Luangwa, koma kondakitala anandilipiritsa mtengo wa ku Nyimba, kutali kupitirira mlathowo, akuti mpando sudziwa kumene munthu atsikire. Sindinakangane naye. Nditangokhala pansi, injini inazima. Ndiye ndinayamba kuona kuti munthu weniweni akalowa ndi katundu, mmodzi mwa okhala kale aja amadzuka n'kutuluka mwakachetechete. Anali anthu ongowakhazikamo kuti basi izioneka yodzaza. Okwera enieni tinali ochepa kwambiri.

Pambali panga panadzakhala mayi wina wamphamvu zake, amene anadzitchula kuti ndi Bana Mwape. Anali Mbemba wa ku Kitwe, koma wokhalitsa ku Kanyama. Ankapikula zitenje ku Kamwala n'kukagulitsa pa mlatho, pobwera n'kunyamula nsomba zouma. Mtolo wake wina anauika pamiyendo panga osapempha.

"Ba tata, muyenda ku malilo? Nkhope yanu iyo!"

"Ndikupita kukaletsa maliro," ndinayankha.

Anandiumiriza mpaka ndinamufotokozera zonse. Anaseka mpaka mtolo unagwedezeka.

"Ati kompyuta! Ise ku Kanyama sitifuna kompyuta. Mvula ikaloka chabe, matilesi pa mutu. Manje imwe muli ba profeti ba manzi?"

Dzinalo linandimatirira. Pofika nthawi yonyamuka, dzuwa lili pamutu kuseri kwa mitambo, basi yonse inkanditchula kuti ba profeti.

Tinatuluka m'tauni pang'onopang'ono, magalimoto atathithikana. Ndinali nditayamba kumasuka mtima pamene, titangofika ku Chelstone pafupi ndi thanki yaikulu ija ya madzi, kutsogolo kunamveka phokoso ngati chikwapu, fungo la mphira wopsa n'kudzaza basi. Lamba wa injini anali ataduka. Wina wapadera analibe. Kondakitala anakwera minibasi kubwerera m'tauni kukagula, ife n'kutsala m'mbali mwa msewu.

Anthu anayamba kulalata, ena akufuna ndalama zawo, koma ndalama zinali zitapita ndi kondakitala. Dalaivala anayala katoni pansi pa mtengo n'kugona. Bana Mwape anagula chimanga chootcha, n'kundibenthulira osandifunsa. Tinakhala. Mitambo inang'ambika, dzuwa linatuluka, nthunzi ikukwera pa phula. Kondakitala anabwera ndi lamba wamfupi, anayesa, sanakwane, n'kubwereranso.

Ndi pamenepo foni inalira. Anali Alinase.

"Atate, muli pati?"

"Pa Chelstone."

"Pa Chelstone! Mpaka pano?" Kumbuyo kwake ndinkamva anzake akulankhula. "Zasintha. Mtsinje wa Lunsemfwa nawo wadzuka, chida cha kumeneko chikukwera mofulumira. Madzi ake akumana ndi a Luangwa kumtunda kwa mlatho, atsikira limodzi. Si Lowerukanso. Ndi mawa madzulo, mwinanso kusanade."

Nyumba ya Alinase ili ku Chelstone komweko, moti kuchokera pamene ndinaima denga lake linali pafupi kuoneka.

"Bwererani, atate. Kiyi ali kwa aneba. Ndipempha aboma ayesenso. Inu ndi magazi anuwa, mukakhalenso pa chilumba madzi akubwera?"

"Aboma anayesa," ndinatero. "Amako ndinawaika m'manda ndi manja angawa. Amake sindiwasiya atengedwe ngati chitsa. Uzingondiuza za madzi, za njira undisiyire."

Ndinapita kwa dalaivala uja, n'kumudzutsa. Sindimakweza mawu, ndipo sindinakweze. Ndinamuuza kuti pali nkhalamba imene moyo wake wadalira basi yakeyi.

"Ba tate, ine nine dalaiva, sinine Mulungu," anatero akuyasamula. Komabe anadzuka, n'kuimbira kondakitala, n'kumuwerengera bwino nambala ya lamba, chinthu chimene akanachita poyamba pomwe.

Tinanyamuka ku Chelstone dzuwa litapendeka. Pa Chongwe tinaima kukweza matumba a feteleza ndi bambo wina wa nkhuku m'dengu. Pa Chinyunyu tinaimanso chifukwa amayi anafuna nthochi. Tikupita kummawa, thambo linkayera, minda m'mbali mwa msewu ikuoneka kuti yakhala masiku osaona dontho. Kondakitala anatulutsa dzanja pawindo, n'kulibweza, n'kuliyang'ana mwachidwi.

"Ba profeti, manzi yanu yali kuti? Olo yanakwela basi ina?"

Basi yonse inaseka. Ndinayankha kuti madzi anga sanakwere basi, adzera njira yawo ya kumpoto, ndipo alibe lamba woti aduke. Anasekanso, koma tsopano akuseka kondakitala.

Titapitirira Rufunsa tinalowa m'mapiri a Manenekela, kumene msewu umapota ngati njoka ndipo foni sigwira. Pa kona ina tinapeza lole ya simenti itagona cham'mbali, itatseka theka la msewu. Magalimoto ankadutsa mosinthana, ndipo mzere unali wautali. Apa ndi pamene ndinavutika kwambiri mumtima. Ku Chelstone ndinkatha kumva mawu a mwana wanga. Kuno ndinkangoyang'ana foni yosalankhula, ndikudziwa kuti kuseri kwa mapiri omwewa madzi akuyenda, sakuima pa mzere. Ndinatseka maso n'kupemphera. Bana Mwape anaona, n'kundifunsa mopanda nthabwala:

"Koma ba tata, ngati manzi siyabwela? Bazakusekani mpaka mukafe."

"Andiseke. Kusekedwa sikupha."

Tinafika pa mlatho wa Luangwa dzuwa likulowa. Ndinatsika miyendo itauma, n'kuyenda mpaka pamene mtsinje umaonekera. Mtima wanga unagwa. Luangwa anali phee, akuyenda mwaulesi m'mbali imodzi, pakati pali mchenga woyera waukulu ngati bwalo la mpira. Amayi anali kuchapa pamenepo, ana akusambira. Bana Mwape anaima pambali panga, mtolo uli pamutu, akuyang'ana mchengawo. Kuyang'ana kwakeko kunandiwawa kuposa nthabwala zake.

Ndinaimbira Alinase.

"Mwana wanga, pano pali mchenga. Anthu akuchapa."

"Atate, madzi mukuonawo ndi a sabata yatha. A sabata ino sanafike." Mawu ake anali otopa. "Ndikuuzeninso china. Chida chomaliza kumtunda kwa mlatho chasiya kutumiza masana ano."

"Chawonongeka?"

"Mwina batire, mwina chamira. Sitikudziwa. Tikakhala kuti sitikuona, timaganizira zoipazo. Musachedwe mawa."

Msewu wopita kwa apongozi umapatuka musanawoloke mlatho, n'kutsata mtsinje kulowera kummwera. Galimoto yomaliza ya tsikulo inali itapita. Bana Mwape anandipezera pogona kuseri kwa sitolo ya mnzake wogulitsa nsomba zouma, ndipo foni ndinaisiya pa tchaji pa kasitolo kena. Jekete langa la kutchalitchi linanunkha nsomba mwezi wathunthu.

M'mawa wa Lachisanu amene anandidzutsa ndi Bana Mwape, chitenje chili m'khosi.

"Ba profeti, bwelani muone."

Mchenga uja unali utachepa ndi theka. Pamene amayi ankachapa dzulo panali madzi ofiirira, akuyenda ndi thovu ndi tinthambi. Sanali madzi oopsa. Munthu wosadziwa akanangoti mtsinje wasangalala. Koma ine ndinazindikira kuti uwu ndi mutu chabe wa chinthu chimene mchira wake uli ku Chama, ndipo kuti tsopano tikupita njira imodzi, ine pamsewu, icho m'munsimu.

Pamphambano panali kalole kaja timati kanta, kopita kummwera. Dalaivala wake anali kudikira matumba a ufa ndi makireti a zakumwa, iye akumwa tiyi mosafulumira. Anati tinyamuka katundu akakwana. Ndinakwera kumbuyo n'kukhala pa thumba, koma Bana Mwape sanakhale chete. Ankamudziwa mnyamatayo.

"Iwe! Tiyi iyo uzamwela kusogolo. Aba batata bali na nkhalamba pa chilumba. Ukachedwa, malilo yazakhala pa mutu pako, nizauza bonse pano pa buliji!"

Mnyamatayo anadandaula, koma anatsanula tiyi wotsala. Nditati ndithokoze, mayiyo anangondikankhira chikwama changa. "Endani, mukabachose. Mukabauze ati Bana Mwape aona na menso yake."

Kanta inaima pa sitolo iliyonse ya m'njira kutsitsa katundu, ndipo paliponse dalaivala anali ndi nkhani yocheza. Ndinayamba kutsitsa nawo matumba kuti zifulumire, mpaka msana unandikumbutsa zaka zanga. Mtsinje unkaoneka ndi kubisika kumanzere kwathu. Alinase anaimbanso kamodzi, akuti munthu wowerenga mlingo wa madzi pa mlatho watumiza uthenga, awulowetsa m'kompyuta, ndipo nthawi sinasinthe, ndi madzulo omwewo.

Ndinatsika pamudzi dzuwa lili paliwombo. Kosimasi ndinamupeza padooko, atabwera kudzagula mchere. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Alamu, mwabweradi! Ndi jekete lomwe! Ambulera ili kuti?"

"Ndiwolotseni."

Anandiwolotsa akuseka, koma ndinaona kuti nkhafi ankaikoka mwamphamvu kuposa mmene nthabwala zake zinkamvekera, ndipo bwato linakocheza kumunsi kwa pamene ankafuna. Ndinamufunsa ngati sakuona kuti mtsinje wasintha.

"Ndikuona," anatero motsitsa mawu. "Koma amayi mukuwadziwa. Ndiwanyamule ngati thumba? Ndipo ine sindingawasiye okha."

Chimanga cha pa chilumbapo chinali chokongola, chobiriwira, chitabereka ziwiriziwiri, chongotsala pang'ono kukhwima. Nditachiona ndinamvetsa chifukwa chake munthu angakanire pamenepo. Apongozi anali khale pakhomo pa msasa wawo, akusenda maungu, ochepa thupi kuposa mmene ndinawasiyira.

Kwa akuchikazi anga mkamwini sayandikira apongozi ake aakazi. Sawayang'ana kumaso, sadya nawo, salowa m'nyumba imene amagona. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Zaka zonse za ukwati wanga, mawu athu ankadzera mwa munthu wina. Choncho ndinanjuta patali, pansi pa mtengo, nkhope nditalozetsa kumbali, Kosimasi n'kuima pakati pathu.

Ndinapereka moni, moni n'kubwera. Ndinafotokoza zonse: mvula ya ku Chama, Lunsemfwa, chida chimene chasiya kulankhula, mchenga wa pa mlatho. Kosimasi ankabwereza mawu anga ngakhale apongozi ankamva okha bwinobwino.

"Umuuze mlendoyo," anayankha osasiya kusenda, "kuti makina a mdzukulu wanga anandidyetsera chimanga kwa mvuu chaka chija. Anabwera kudzandipepesa makinawo? Umuuze kuti ndikachoka pano usiku umodzi, mawa ndipeza mapesi. Ndidya chiyani chaka chino, kompyuta?"

Ndinati chaka chija analakwitsadi, ndipo lero akhozanso kulakwitsa, mwini wake sakubisa. Koma akalakwitsa iwo, titaya chimanga. Tikalakwitsa ife, titaya anthu. Za chakudya ndinati ndidzatumiza ufa.

"Umuuze kuti sindine wopemphetsa. Mwana wanga ndinamuika m'manda, ndiopenso chiyani? Ndiponso bamboyu tinamusudzula. Alibe mawu pano. Umupatse maungu adye, umuwolotse."

Kosimasi anatembenukira kwa ine n'kutambasula manja. Nkhani inali itatha. Ndinayang'ana kumadzi. Chitsa chimene tinamangapo bwato chinali chitayamba kunyowa m'munsi.

Moyo wanga wonse sindinaswepo mwambo wa eni ake. Ndinadzuka, n'kusasa fumbi pa buluku, n'kuyenda molunjika pamene panali apongozi. Ndinawadutsa pafupi kwambiri moti mpeni unawagwa m'manja. Ndinawerama, n'kulowa mumsasa mwawo. Ndinavula nsapato, n'kupachika jekete pa mtanda pamene panali chitenje chawo, n'kugona chagada pa mphasa yawo, manja kunkhongo.

"Mayo ine! Malodza!" anakuwa apongozi, atalumphira kutali ngati mtsikana. "Kosimasi! Akuchita chiyani munthuyu?"

Ndinayankha ndekha, osadzeranso mwa wina, koyamba chikwatirireni mwana wawo.

"Amayi, ngati munandisudzula, ndine mlendo wamba, ndipo mlendo simungamugoneke panja pali mvuu. Ndigona muno. Ngati ndikadali mkamwini wanu, ndiye mawu ndili nawo, ndipo ndikuti tichoke. Sankhani chimodzi. Inu mukakhala, inenso ndikhala, madziwo atipeze tonse mumsasa muno, anthu adzanene okha zimene adzanene."

"Mutulutse! Kosimasi, mutulutse!"

Kosimasi anali atagwira pamimba, misozi ikutsika chifukwa cha kuseka. "Amayi, mkulu wa mpingo ndimukoke miyendo? Ndiponso ndi wolemera, amadya za ku Lusaka."

Apongozi anazungulira msasa akunditukwana ndi mawu amene sindingawalembe. Anati ndapenga, anati Agnesi akanakhala moyo akanafanso ndi manyazi. Mawu amenewo anandilasa, koma sindinadzuke. Ndinangoyang'ana udzu wa kudenga. Kenaka ndinamva akuti:

"Tenga nkhafi. Ndikukamusumira kwa akuluakulu a banja lero lomwe. Aone ngati mwambo unatha m'dziko muno."

Ndinadikira mpaka phokoso la nkhafi litapita patali, ndiye ndinadzuka. Ndinavala nsapato, n'kutenga jekete langa. Kosimasi atabwerera, tinakweza miphika, zofunda ndi nkhuku, n'kuthyola chimanga chachiwisi chimene bwato likanatha kunyamula. Ulendo womaliza chitsa chija chinali chitamira, ndipo tinakwera bwato madzi ali m'maondo.

Akuluakulu anati mlandu ukambidwa mawa. Madzulo amenewo madzi anakwera, koma chilumba sichinamire. Dzuwa likulowa chimanga chinali chikuonekabe chonse, ndipo apongozi anaima pagombe akuloza ndi ndodo, akuuza aliyense kuti aone bodza la ku Lusaka. Anafuna kubwerera, koma Kosimasi anati nkhafi waiiwala kwa mnzake, ndipo mnzakeyo sanapezeke.

Kutacha Loweruka, mudzi wonse unali pagombe. Msasa kunalibe. Pamene panali munda pankangooneka ngayaye zikugwedera m'madzi ofiira, mitengo yathunthu ikudutsa ndi mizu yomwe. Ndinaimbira Alinase. Analira pang'ono, kenaka n'kundifunsa kuti madzi anakwirira chilumba nthawi yanji, ndifunse amene anaona, chifukwa kompyuta inafulumira ndi maola angapo ndipo afuna aikonze.

Mlandu unakambidwabe, pansi pa mtengo, mtsinje ukulindima kumbuyo kwathu. Palibe anatchula za chilumba. Anandipeza wolakwa polowa mogona apongozi, nandigamula mbuzi. Mbuziyo ndinagula pamudzi pomwepo n'kupereka. Anandifunsa ngati ndili ndi mawu opepesa. Ndinati mbuzi ndapereka chifukwa mwambo ndinauswadi, koma kupepesa sindipepesa, pakuti kupepesa ndi kunena kuti sudzachitanso.

Ndinabwerera ku Kabwata Lolemba, pa basi imene sinawonongeke paliponse. Ufa ndimatumiza mwezi ndi mwezi, ndipo Kosimasi akuti amadya, uku akudandaula kuti ufa wa ku Lusaka sukoma. Apongozi sandilankhula mpaka lero. Komatu kale lonse sankandilankhulanso.